Zitenje Zinayi za Mayi Nampinga

Lachiwiri lapitali, pochokera kusukulu, ndinapeza masamba atayalidwa mopingasa njira yolowera ku komboni yakumunsi. Anali masamba a bulugamu, aawisi. Wakabaza amene anali patsogolo panga anatsika njinga n'kuyamba kuikankha. Ine ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa chitenje n'kuchimanga pamwamba pa yunifolomu, ndisanadziwe n'komwe kuti watisiya ndani. Nditafika pampopi ndi pamene mayi wina anandiuza kuti ndi mayi Nampinga. Ndinayang'ana chitenje chimene ndinali nditamanga kale m'chiuno, misozi n'kuyamba yokha, chifukwa amene anandiphunzitsa kuyenda nacho m'chikwama ndi iwowo.

Sanali m'bale wanga. Ndinawadziwa zaka zitatu zokha. Ndikulemba izi m'kope langa la tsiku ndi tsiku kuti ndisaiwale mmene analili, chifukwa pamaliro ndinamva anthu akuwatchula kuti anali mayi ofatsa, ndipo zimenezo si zoona.

Anali aafupi, amapewa otambalala, ndipo zala zawo zinali zong'aluka ndi kutchola tiyi kuyambira utsikana wawo mpaka atapuma. Makolo awo anachokera kutsidya kwa malire, ndipo akapsa mtima Chichewa chinkawathera, n'kutsala Chilomwe chokhachokha. Ankayenda ndi ndodo yaitali imene otchola amagoneka pamwamba pa tiyi kuti atchole molingana. Mukawatchula kuti agogo ankakana. Amati agogo ndi amene amakhala pansi, iwo adakayendabe. Choncho tonse tinkangoti amayi.

Koma chimene ankadziwika nacho kwambiri kuno si tiyi. Ndi nkhuni. M'nkhalango ya esiteti saloleza kutola nkhuni popanda chilolezo, ndipo mayi Nampinga anatolamo moyo wawo wonse osapempha munthu. Maganizo awo anali akuti mtengo ukakhala chiimire ndi wa kampani, koma nthambi ikagwa pansi yabwerera kwa Mulungu, ndipo Mulungu sadula risiti. Alonda anawathamangitsa kuyambira ali namwali. Ankawaona uko, mtolo uli pamutu, n'kuthamangirako, koma pofika ankapeza tiyi yekha ali phee. Panalibe kanjira, kakhwawa kapena chigwembe chimene iwo sankachidziwa.

Ife tinakumana nawo titasochera.

Chaka chilichonse, nyengo yozizira, kuno kumachitika mpikisano umene anthu amangouti wa mapu. Magulu a anthu anayianayi amabwera kuchokera kumasukulu, kumipingo, ngakhale kumaofesi a m'tauni. Gulu lililonse limapatsidwa mapu, kampasi yolozera kumpoto, ndi kakhadi. Okonza mpikisano amabisa mbendera m'minda ya tiyi, m'bulugamu, m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo pa mbendera iliyonse pamakhala chidindo. Mumanyamuka m'mawa, kufunafuna mbendera zonse wapansi, n'kubwerera hutala ya kufakitale isanalire folo koloko. Mukuyenera kufika nonse anayi. Sapereka chikho. Chaka chimene ife tinalowa koyamba, anthu akufuna kwabwino analonjeza kuti gulu lililonse lofika nthawi yake ndi zidindo zonse lidzapezetsa mtolo umodzi wa malata wofolerera chidikiro cha pachipatala chathu chaching'ono. Makoma anali atamangidwa kale, denga kulibe, ndipo amayi oyembekezera ochokera kutali, ena mpaka cha ku Masambanjati, ankagona pakhonde.

Aphunzitsi athu a Jogalafe, a Kalitera, anasankha atsikana anayi. Mtsogoleri wathu anali Tadala, amene amathamanga kuposa anyamata ambiri a m'kalasi mwathu ndipo sakonda kugonja ngakhale pa fulaye. Loweruka lina aphunzitsi anatitengera kunkhalango kukayeserera. Tinazungulira pamalo amodzi kwa ola lathunthu. Aphunzitsi ankatembenuza mapu uku ndi uku, kampasi ili pachikhatho, ife udzu utatiyabwa miyendo. Ndiye m'tchire munatulukira mayi atasenza nkhuni. Anaima, n'kuwayang'ana aphunzitsi kuyambira kunsapato.

"Ndinu alonda atsopano, achimwene?"

"Ayi mayi, ndine mphunzitsi. Tikufunafuna mlatho wa matabwa. Mapu akusonyeza kuti uli pano."

"Pepalalo likuti uli pano?"

"Eya, pano ndithu."

"Ndiye wolokani."

Patsogolo pathu panali mtsinje basi. Mlathowo unali utapita ndi madzi osefukira zaka zingapo m'mbuyomo. Tadala anaseka mpaka kukhala pansi. Mayiwo anati atitulutsa m'nkhalangomo, koma khosi lawawawa, wina awalandire mtolo. Aphunzitsi, mwaulemu wawo, anausenza paphewa. Titatulukira pamsewu tinakumana ndi mlonda, amene anawayang'ana aphunzitsi, n'kuyang'ana nkhuni, n'kuyang'ana mayi Nampinga akuyenda kumbuyo manja ali m'mbuyo ngati akuchokera kutchalitchi. Mlondayo anangopukusa mutu n'kupereka moni. Tsiku lotsatira ndi pamene aphunzitsi anamvetsa kuti anawasenzetsa nkhuni zopanda chilolezo.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse tinkawapeza atakhala pachitsa cha bulugamu pamphambano ya njira zitatu, kumtunda kwa komboni, akutidikira. Palibe anawapempha. Palibenso anawalipira kanthu.

Iwo ndi aphunzitsi sankagwirizana pa chilichonse. Aphunzitsi ankatiphunzitsa kuwerenga mapazi kuti tidziwe mtunda umene tayenda. Mayi Nampinga ankayeza mtunda ndi nyimbo za kutchalitchi. Amati kuchokera pachitsa kukafika padamu ndi ndime zinayi ukamayenda wopanda katundu, zisanu ndi imodzi ukasenza. Ankati munthu wotopa amasokoneza manambala, koma nyimbo saiiwala. Mapu sankawagwira. Tsiku lina aphunzitsi anawapatsa pepala lotsala kuti aphunzire, ndipo sabata yotsatira tinalipeza atakulungiramo mchere.

Komabe zimene ankadziwazo zinali zenizeni. Anatiphunzitsa kuti chiperoni chikatseka maso, ugwire thunthu la bulugamu: mbali yonyowa kwambiri ndi kumene mphepo ikuchokera, ndipo mphepo ya chiperoni siisinthasintha. Anatiphunzitsa kusiyanitsa minda ndi mwendo, kuti uwu anadulira chaka chino, ukukanda m'mawondo, uwo ndi wofika m'chiuno. Pa mphambano iliyonse ankatiimitsa kuti ticheuke. Amati njira ili ndi nkhope ziwiri, yopita ndi yobwerera, ndipo amene waona imodzi yokha saidziwa njirayo. Ukaiwala kucheuka, ndodo ija inkakugunda pakatumba. Sinkapweteka kwambiri, koma manyazi ake. M'thumba mwawo simunkasowa kalongonda wophika ndi kamchere, ndipo ankatigawira tikakwera chitunda popanda kudandaula. Wodandaula ankangoonerera.

Mkangano waukulu unali wa chitenje. Aphunzitsi ankafuna zikwama zathu zipepuke: botolo la madzi, chinangwa chophika, shuga pang'ono, basi. Tinkathamanga titavala makabudula a masewero. Mayi Nampinga anati aliyense aikemo chitenje, apo ayi iwo asiya kubwera.

"Mayi, chitenje chikanyowa chimalemera ngati mwana," anatero aphunzitsi.

"Nanga mwanayo amamubereka ndi chiyani, aphunzitsi?"

"Uwu ndi mpikisano. Mphindi iliyonse ndi yofunika."

"Wina akabinya phazi mumumanga ndi pepala lanulo? Akakomoka mumunyamulira pa kawotchi kanu kosanena nthawiko?" Ankatanthauza kampasi. Kenako anatsitsa mawu. "M'tiyimu mumakhala anthu. Pepala lanu lajambula mitsinje ndi zitunda, koma silinajambule kuti lero kwagwa zotani kwa yani."

Aphunzitsi anagonja, osati chifukwa chomvetsa, koma chifukwa ankadziwa kuti popanda iwo tisochera. Zitenje ziwiri zinali za amayi athu. Ziwiri zinazo anatibwereka mayi Nampinga, zakale, zofewa ndi kuchapa.

Pali chipinda chakumapeto kwa chidikiro chimene anamwino mpaka lero amachitchula kuti kwa Nampinga. Alendo amaganiza kuti ndi dzina la munthu wolemera amene anapereka thandizo. Nkhani yake ndi iyi.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi chiperoni. Mayi Nampinga anali atalonjeza kuti akatidikira pothera, koma ponyamuka sitinawaone. Tinalibe nthawi yofunsa. Tinalowa m'tiyi, nkhungu ili mbuu, magulu ena akuitanizana osaonana. Ife tinagwira mathunthu, tinaimba ndime zathu, tinacheuka pa mphambano iliyonse. Mbendera ina inali pansi pa mathithi, ina pamwamba pa chitunda chimene tinakwera chokwawa, tikugwira mizu. Mnzathu wina anaterereka n'kuchekeka pabondo, tinamumanga ndi chitenje, ndipo ndinaganiza kuti ntchito ya chitenje yathera pomwepo. Pofika masana miyendo inali ngati si yathu, koma kakhadi kanali kodzaza, kupatula malo amodzi. Mbendera yomaliza inali padamu, kumunsi kwa komboni.

Tadala anayang'ana wotchi. Nthawi inalipo yokwanira ngati titadutsa pakati pa komboni mothamanga. Njira yozungulira inali yaitali kwambiri, sitikanakwanitsa. Tinatsetsereka, ndipo pakhomo la komboni tinaona masamba panjira.

Patsogolo pathu panali gulu la abambo a m'tauni ovala makabudula owala. Analumpha masambawo akuthamanga, wina akukuwira anzake kuti afulumire. Sindikuwaweruza. Mwina m'nkhungu muja sanawaone, mwina anayesa kuti ndi mphepo yagwetsa. Koma ife ndife ana a pano. Tinadziwa.

"Tingovala zitenje, tidutse mwakachetechete," ananong'ona Tadala. "Osaima. Mwamva? Osaima."

Tinamasula chitenje chija pabondo la mnzathu, tonse tinamanga, n'kuyamba kuyenda mitu ili pansi. Abambo anali atakhala mbali ina pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi mbali ina pafupi ndi siwa. Ndipo pakati pa amayiwo, m'mphepete mwenimweni mwa njira, panali mayi Nampinga. Anatiyang'ana. Sanamwetulire, sanafunse za zidindo. Anangomenya kawiri ndi chikhatho pamphasa pambali pawo.

Tadala anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. Koma tinapita, tinagwada, tinapepesa kwa anamfedwa, n'kukhala pansi.

Womwalirayo anali a Bizwiki, mlonda wakale wa kunkhalango. Tonse tinkadziwa kuti ndi amene anawathamangitsa mayi Nampinga kuposa mlonda wina aliyense, ndipo kawiri konse anawalanda chikwanje. Anamwalira m'bandakucha wa tsiku lomwelo. Mayi Nampinga atamva, anapita kunkhalango, n'kubwera ndi mtolo wa nkhuni kusiwa. Ndi nkhuni zimenezo zimene zinkayaka pamafuwa.

Amayi a chigwirizano anayambitsa nyimbo. Ine, monga anandiphunzitsira, ndinkawerenga ndime. Yoyamba, tikanakhala titatuluka m'komboni. Yachitatu, tikanakhala tikuona damu. Nyimboyo inali yaitali, ndipo itatha anayamba ina. Tadala ankalira, ndipo amayi ena ankamusisita pamsana poganiza kuti akulira maliro.

Nyimbo yachiwiri itatha, mayi Nampinga analankhula mokweza kuti onse amve. "Madzi atha kuno. Atsikana inu, mwangokhala? Tengani ndowa."

Pamaliro munthu sungonyamuka n'kumapita, koma ukatumidwa umapita. Kasupe ali kumunsi, mbali ya kudamu. Tinanyamula ndowa zinayi, iwo akutitsatira ndi amayi ena atatu. Tinatunga, tinawasenzetsa. Ndiye anatiyang'ana n'kunena kuti, "Masamba mwawapitirira. Thamangani."

Sindinathamangepo chonchija. Chidindo chomaliza tinachipeza. Tinakwera chitunda chomaliza titagwirana zitenje, wamphamvu kukoka wofooka. Tili pakati pa chitundacho, tenti ya pothera tikuiona, aphunzitsi akutikodola ndi manja onse awiri, hutala inalira.

Tinafikabe, tonse anayi. Mayi amene ankalandira makhadi anawerenga zidindo zathu, zonse zinalipo, koma anapukusa mutu mwachisoni. Lamulo linali lamulo. Mtolo wathu wa malata unapita. Malata a magulu ena atawakhoma, anakwana nyumba yonse kupatula chipinda chakumapeto.

Mawa lake aphunzitsi anapita kunyumba kwa mayi Nampinga, ife tili pambuyo. Anawapeza akusenda chinangwa pakhonde.

"Mayi, mukanangowasiya adutse. Anavala zitenje, ankayenda mwaulemu. Sizinakwane zimenezo?"

"Zikanakwana kwa alendo. Awa amayi awo amatchola mzere umodzi ndi mkazi wa malemuyo. Adutse ngati sakumudziwa? Mawa akayang'anana bwanji pasikelo?"

"Koma munthu wake ameneyo, mayi! Si yemwe ankakulandani zikwanje?"

"Yemweyo. Anandithamangitsa kuyambira ndili ndi mwana mmodzi. Mukuganiza kuti njira zonse ndaphunzitsa anawa ndinazidziwa bwanji? Mphunzitsi wanga anali ameneyo. Ana anga adutse pamaliro a mphunzitsi wanga akuyang'ana wotchi?"

Aphunzitsi anati, "Nanga amayi a kuchidikiro? Mvula ikubwera. Chipinda chija chilibe denga, ndipo malo sakukwana. Ena agonabe pakhonde."

Mpeni wa mayi Nampinga unaima. Anayang'ana chinangwa chili m'manja nthawi yaitali.

"Zimenezo ndi zoona," anatero.

Lolemba lotsatira anachita chinthu chimene komboni yonse inakamba mwezi wathunthu. Anavala chilundu chawo cha kutchalitchi, n'kupita ku ofesi ya alonda kukapempha chilolezo chomweta udzu m'dambo la esiteti. Akuti mkulu wa alonda anaitana anzake onse kuti adzaone. Wina anafunsa ngati akudwala. Iwo anati alembe msanga pepalalo asanasinthe maganizo, n'kudinda ndi chala. Chikalatacho ankayenda nacho atachimanga pa ngodya ya chitenje, ndipo ankachionetsa kwa mlonda aliyense, ngakhale amene sanafunse.

Anamweta udzu milungu itatu, okha, kuyambira mame asanaume. Ife tinkatuta Loweruka. Aphunzitsi nawo ankasenza, ulendo uno akudziwa chimene asenza. Tadala, amene anali asanawalankhule chichitikire mpikisano, anabwera sabata yachiwiri, anangonyamula mtolo waukulu kuposa wa aliyense osapereka moni. Mayi Nampinga anamupatsa kalongonda, iye analandira, nkhani inathera pomwepo. Milimo ya denga anadzamanga ana aamuna a malemu a Bizwiki, ndipo anafolera ndi iwo omwe. Mvula yoyamba itagwa, denga linadontha pangodya imodzi. Anamwino anaikapo beseni. Koma pakhonde sipanagonenso munthu.

Chaka chotsatira tinalowanso mpikisano, tinafika hutala isanalire, ndipo udzu uja unachotsedwa n'kukhomapo malata. Dzina lokha ndi limene linatsala pachipindacho.

Mpaka lero sindidziwa bwinobwino amene ankalondola pakhonde paja. Aphunzitsi amanenabe kuti nyimbo imodzi ikanakwana. Mwina n'zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi Nampinga anasankha, anaona mtengo wa kusankhako, ndipo sanausiyire wina. Ndikudziwanso kuti pa pepala la zinthu zoyenera kunyamula, limene aphunzitsi amapereka kwa atsikana atsopano, pansi pa botolo la madzi palembedwa chitenje, ndi dzanja lawo. Okonza mpikisano nawo masiku ano amatuma munthu m'makomboni m'mawa wa tsikulo kukafunsa ngati kwagwa zovuta.

Anadwala miyezi iwiri yokha. Anawatengera kuchipatala ku Makwasa, anabwerako, ndipo ulendo womaliza umene ndinakawaona anandifunsa ngati atsikana a Fomu 1 akucheuka pamphambano. Ndinati akuyesetsa. Anati ndibwereke ndodo yawo ija.

Pamaliro pawo, dzuwa litapendeka, tinamva anthu akung'ung'udza kumbali ya njira. Anali alonda asanu, atavala yunifolomu, zipewa zili m'manja, aliyense atasenza mtolo wa nkhuni za m'nkhalango. Anatula pamafuwa. Mayi wina wachikulire anawafunsa ngati ali ndi chilolezo, ndipo anthu anaseka pamaliro, ena akupukuta misozi.

Dzulo linali Loweruka. Tinapita kukayeserera, ine ndi Tadala ndi atsikana atsopano. Chitsa cha bulugamu chili pomwe chinali, pamwamba pake posalala ndi kukhalidwa, ndipo pambali pake pali kadzenje kamene nsonga ya ndodo yawo inkaboola akamatidikira. Mwagwera timasamba touma. M'mphepete mwa nkhalango nthambi zagwa zambiri sabata ino, ndipo zili pomwe zinagwera. Palibe anakhala pachitsapo, ngakhale tinali titatopa. Tinatsetsereka kulowera kukomboni tikuthamanga, Tadala patsogolo monga mwa nthawi zonse. Masamba aja akadali panjira, ofota, opondedwa ndi njinga, maliro anatha kale. Mtsikana wina wa Fomu 1 anafuna kuwalumpha. Tadala anatambasula dzanja n'kumuimitsa, anatsitsa chikwama, n'kuyamba kumasula zipi.